Kagalimoto Kodya Dzuwa

Tinali atatu: ine, Yotamu Shawa,
ndi Tisiyenji wa ku Mchini
amene dzanja lake silinjenjemera pogwira waya.

Mota tinaichotsa m'wailesi ya kaseti
imene inafa ine ndisanabadwe,
m'mimba mwake muli mazira a mphemvu.
Masipoko anatipatsa a Gastoni,
okonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Kapata,
atatifunsa kawiri ngati mitu yathu ili bwino.
Matayala ndi zotsekera zigubu za mafuta ophikira:
zitatu zachikasu, chimodzi chofiira,
poti dzala silisankhitsa.

Sola ndiye inali yanga.
Ndinaikanganula pa nyale ya amayi,
ija ya batire lotupa ngati chule,
imene inkatiwerengetsa magetsi akapita.
Amayi anangoti, "Udzaibweze."
Ndinavomera,
ndikudziwa kuti guluu sabweza ngongole.

Loweruka loyamba, kuseri kwa labu,
tinakakhazika pa simenti yowotcha mapazi.
Yotamu anachotsa chipewa chimene anakavundikira nacho,
ndipo kanayenda!
Kanayenda chafutambuyo,
liwiro lake lonse, mpaka m'ngalande, phofo.
A Njobvu, aphunzitsi a sayansi,
anaseka mpaka kupukuta magalasi ndi tayi:
"Waya wofiira ndi wakuda mwawasinthanitsa.
Koma taonani, dzuwa lakumvani."

Masabata atatu tinalimbana nako.
Lamba wa chubu ankaterereka.
Kankakhotera kumanzere ngati kali ndi chibwenzi kumeneko.
Tisiyenji anakasenga ndi lezala,
kuchotsa denga, kuchotsa zitseko zimene Yotamu anajambula,
mpaka kanatsala mafupa okhaokha,
Yotamu osatilankhula masiku awiri.
Chala changa ichi, onani chipsera,
unandiluma msomali wa pambaula woboolera matayala.

Mpikisano unagwa mu Novembala,
pabwalo la netibolo, masukulu asanu ndi awiri.
Ena anatsitsa zawo m'mabokosi ochokera ku Lusaka,
zonyezimira, matayala a labala yeniyeni.
Kathu kanabwera m'katoni ya sopo.

Wezulo isanalire
mtambo unatsetsereka kuchokera ku phiri la Kanjala,
wakuda bii, wamimba,
nukhala pamwamba pathu.
Timagalimoto tonse tinangoti zii pamzere,
todula ndi totola padzala,
njala yake imodzi.

Atate anga mbewu anagula kale.
Sabata yonse akhala akuyang'ana kumwamba
kuitana mtambo umenewu,
ine pano ndikuuthamangitsa ndi mtima wonse.
Ndinachita manyazi,
koma sindinasiye.

Kenako unang'ambika pang'ono, kabowo chabe,
kuwala kofooka ngati kwa tochi yotha mabatire.
Zolemera zija sizinamve kanthu.
Kathu, kamafupa kaja,
kananjenjemera,
kanaganiza,
nkuyamba kukwawa.
Tayala lofiira likuzungulira, ine ndikuwerenga:
kamodzi, kawiri, kakhumi,
bwalo lonse lili chete
ngati mpingo ukudikira ameni.
Kanadutsa mzere wapakati kokhakokha.

Ndiye dzuwa linatuluka lonse,
za ku Lusaka zinadzuka nkutipitirira ngati mphepo,
kathu nkukhotera kumanzere, mwa chizolowezi chake,
kukagunda nsapato ya woweruza.

Tinakhala achitatu.
Satifiketi imodzi, anthu atatu;
Tisiyenji anati tiidule ndi lezala.

Mvula inatipeza tisanafike ku Kalongwezi.
Ndinakabisa m'juzi, pamimba,
ngati mwana wodwala malungo.
Kunyumba atate anali pakhonde, akumwetulira matope.
Magetsi kunalibe.
"Nanga sola yanga?" anafunsa amayi mumdima.
Ndinakaika pazenera, osayankha.

M'mawa ndinadzidzimuka ndi mfuu.
Dzuwa linali litalowa pakati pa makatani,
kagalimoto kadziyendera kokha,
kagwetsa kapu ya tiyi,
ndipo amayi, chitenje chili chonyowa,
akukabwezera poyambira
kuti akaonenso.